Si manambala onse a pa calculator amene ali ofunika

Pa mayeso a sayansi, ophunzira ambiri amangokopera chilichonse chimene calculator yalavula, ndipo ine zimenezi zimandidandaulitsa. Tiyerekeze kuti kampira kagubuduka mamita 2.0 pa masekondi 3.0. Mukagawa, makinawo akupatsani 0.6666667. Kodi tepi ndi wotchi yanuyo zinayeza mosamalitsa chonchi? Ayi ndithu. Muyezo uliwonse uli ndi manambala awiri odalirika, ma significant figures aja, choncho liwiro lake mulembe 0.67 m/s basi.

Pa ziro ndi pamene ambiri amaterereka. Mu 0.0045 maziro akutsogolowo akungosunga malo, odalirika ndi awiri okha. Koma 4.50 ili ndi atatu, chifukwa ziro yomalizayo ikutiuza kuti woyezayo anaonetsetsa mpaka pamenepo. Mukaichotsa, mwapeputsa ntchito yake.

Musamadule nambala muli pakati pa samu, dikirani yankho lomaliza, apo ayi tizolakwika timaunjikana. Funso likanena kuti lifuna manambala angati, tsatirani zomwezo osatsutsa. Inu a Fomu 4 amene mukukonzekera MSCE, yambani kuzolowera panopa, ndipo m/s uja musamuiwale.