Galimoto ya amagetsi ku Niassa: chiwongolero chikhale kumanja basi

Ku America magalimoto amayenda kumanja kwa msewu ndipo pafupifupi onse chiwongolero chili kumanzere, koma kuli antchito ena amene amachita kusakasaka galimoto yosemphana ndi za anzawo. Awa ndi ogawa makalata kumidzi. Ntchitoyi inayamba mu 1896, ndipo m'kupita kwa zaka banja lililonse linaimika bokosi lake la makalata m'mphepete mwa msewu, moti wogawayo amangoima, kutulutsa dzanja pawindo, kuikamo kalata n'kumapita. Kuti dzanjalo lifike, ayenera kukhala mbali ya bokosilo. N'chifukwa chake bungwe la positi la USPS linagula magalimoto a Grumman LLV oposa 140,000 pakati pa 1987 ndi 1994, onse a chiwongolero cha kumanja, ndipo mu 2021 linapatsa kampani ya Oshkosh Defense ntchito yopanga olowa m'malo mwake. Ogawa ambiri a kumidzi amayendera magalimoto awoawo, choncho kampani ya Jeep inkawapangira Wrangler ya chiwongolero cha kumanja. Amene alibe yotere, ena amayendetsa atakhala chapakati, mwendo atautambasulira ku mabuleki.

Kwa munthu wa ku Sanjala mumzinda wa Lichinga, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, nkhaniyi ndi yoseketsa, poti galimoto imene Mmereka amaisowa ndi imene yadzaza m'misewu ya kuno. Dziko la Mozambique limayenda kumanzere. Pamene Portugal, imene inkalamulira dzikoli, inasamukira kumanja mu 1928, Mozambique sinasinthe, chifukwa maiko onse oizungulira, kuyambira Tanzania, Malawi, Zambia, Zimbabwe mpaka South Africa ndi Eswatini, amayenda kumanzere. Komabe maganizo a ku America aja wina akhoza kuwatembenuza n'kunena kuti, ngati wantchito woimaima panjira amafunika kukhala mbali ya m'mphepete mwa msewu, ndiye kuti amagetsi a kampani ya EDM, okonza mapaipi a madzi ndi amtengatenga a kuno awagulire magalimoto a chiwongolero cha kumanzere. Zikumveka ngati nzeru, koma ku Niassa zingaphetse anthu.

Tiyambe ndi ntchito yeniyeniyo. Wogawa makalata wa ku America amaima kambirimbiri pa tsiku koma satsika. Wamagetsi wa ku Lichinga amaima kochepa, ndipo paliponse pamene waima amatsika, kutsitsa makwerero, kukwera polo kapena kulowa m'tchire kulondola nthambo. Polo siifikirika ndi dzanja la pawindo. Ngakhale kuwerenga mamita khomo ndi khomo kunachepa chibwerere mamita olipiriratu a Credelec, poti anthu amagula okha magetsi asanagwiritse ntchito, ena pa M-Pesa kapena e-Mola. Chimene chimadya tsiku la wantchito wa kuno ndi ulendo. Chigawo cha Niassa n'chachikulu pafupifupi masikweya kilomita 129,000, kuposa dziko lonse la Malawi, koma kalembera wa 2017 anapezamo anthu osafika 2 miliyoni, obalalika m'maboma 16. Kuchoka ku Lichinga kukafika ku Cuamba pa msewu wa N13 ndi makilomita pafupifupi 300, ndipo wopita ku Marrupa, Mavago kapena Mecula amadziwa kuti wanyamuka ulendo wa tsiku. Munthu wotere maola ake ambiri amathera pa chiwongolero, ndipo ngozi imene imamudikira ndi ya pamsewu wa mizere iwiri, pamene akufuna kupitirira lole yonyamula matabwa kapena chimanga. Dalaivala wokhala kumanja amangosendera pang'ono n'kuona ngati kukubwera galimoto ina. Wokhala kumanzere amayenera kulowetsa pafupifupi galimoto yonse mu mzere wa anzake asanaone chilichonse, apo ayi adalire mnzake wapambali kumuuza kuti "pitani". Ndipo phula limene laikidwa pa N13 m'zaka zapitazi lakulitsa vutoli, chifukwa pamene kale maenje ndi matope zinkabweza liwiro, lero aliyense akuthamanga.

Ena anena kuti dalaivala wokhala kumanzere amatsikira kutali ndi magalimoto odutsa, choncho ndi wotetezeka. Izi n'zoona pakati pa tauni, ndipo n'chifukwa chake magalimoto osesa misewu m'mizinda ikuluikulu amayendetsedwa chakumphepete. Koma amagetsi sayenda m'modzi. Pa galimoto ya chiwongolero cha kumanja, amene amatsika kawirikawiri ndi mnzake wa dalaivala, ndipo chitseko chake chili kale kumbali yabwino. Mukatembenuza galimotoyo, mwateteza munthu mmodzi n'kuika ena onse pangozi. Pa minibasi ndiye zimaipiratu, poti chitseko chokoka cha minibasi yopangidwira maiko oyenda kumanja chimatsegukira pakati pa msewu wathu.

Mfundo ina yolemera ndi ya mtengo. Galimoto yochokera ku Ulaya, ku America kapena ku China ikabwera yotchipa, kapena ngati mphatso ya polojekiti, woikana ndani? Apa tivomereze kuti injini ya Land Cruiser kapena Hilux ndi yomweyo, kaya chiwongolero chili kuti, ndipo makaniko wa ku Lichinga akhoza kuikonza. Zimene zimasiyana ndi zitsulo za chiwongolerocho, dashibodi, mawaipa ndi nyali zakutsogolo, ndipo zimenezi ndi zomwe zimaimika galimoto miyezi pagalaja. Masipeya a kuno amachokera ku magalimoto akale a ku Japan, ku South Africa kumene Toyota imapanga Hilux ku Durban, ndi ku Malawi kudzera pa chipata cha Mandimba ndi Chiponde, konseko n'kwa chiwongolero cha kumanja. Nyali nazo anthu amaziiwala: za galimoto yopangidwira kuyenda kumanja zimaponya kuwala chakumanja, kumene kuno ndi m'maso mwa dalaivala amene akubwera kutsogolo. Dziko la Samoa linaona kulemera kwa nkhani ya msika mpaka mu 2009 linasamutsa magalimoto onse kupita kumanzere kwa msewu, kuti anthu ake azigula magalimoto otchipa a ku Australia, New Zealand ndi Japan. Ife msika umenewo tili nawo kale.

Palinso amene angati nkhaniyi ilibe ntchito poti makalata anatha, ndipo boma linathetsa kampani ya positi ya Correios de Moçambique mu 2021. Makalata a moni anachepadi, koma mankhwala a zipatala za kumidzi, mapepala a mayeso, mathiransifoma ndi katundu wa amalonda sizingayende pa foni. Mu Januwale 2015, madzi osefukira a mtsinje wa Licungo atagwetsa nsanja za magetsi ku Mocuba, kumpoto kwa dzikoli kunakhala mumdima milungu ingapo, ndipo anthu anaona kuti magetsi amadalira amisiri amene afika pamalo ndi zida zawo. Boma linalonjeza magetsi kwa aliyense pofika 2030, kutanthauza nthambo zambiri zolowera kumidzi ndi maulendo ambiri okazikonza. Pantchito zing'onozing'ono njinga yamoto ikukwana, ndipo ilibe mbali. Koma pamene pakufunika galimoto, akuluakulu ogula katundu ku EDM, ku maofesi a chigawo ndi ku mabungwe othandiza alembe poyera m'matenda awo kuti ikhale yokoka mawilo onse anayi, yotalika pansi, ya masipeya opezeka ku Lichinga ndi ku Cuamba, ndiponso ya chiwongolero cha kumanja. Yosakwana izi aibweze, ngakhale itakhala yaulere.