Chifukwa chake magetsi amathimanso akangoyaka ku Johannesburg

JOHANNESBURG - M'chaka cha 2023, pomwe dziko la South Africa lidakhala masiku oposa 300 magetsi akuthimitsidwa mosinthanasinthana, anthu a mumzinda wa Johannesburg adazolowera vuto linanso. Nthawi yoyatsa ikakwana, magetsi ankabwera kwa mphindi zochepa kenaka n'kuthimanso, ndipo ulendo uno ankatha kukhala osayaka usiku wonse. Ambiri ankaloza chala kampani ya Eskom, koma nthawi zambiri chomwe chinkadula magetsiwo chidali chipangizo chotchedwa circuit breaker, chimene ambiri amangoti buleka, pa siteshoni ya kampani ya City Power yomwe imagawa magetsi m'madera ambiri a mzindawu.

Buleka ndi swichi yodzithimitsa yokha. Ya m'nyumba ili ndi kachitsulo kamene kamapindika kakatentha, kotero kuti waya akanyamula magetsi oposa muyeso wake kwa kanthawi, kachitsuloko kamakankha swichi n'kuigwetsa. Mulinso maginito amene amadula magetsi nthawi yomweyo mawaya awiri akakhudzana. Fyuzi imagwira ntchito yofananayo, kungoti imapsa ndipo pamafunika ina, pomwe buleka amangoikweza.

Za m'masiteshoni n'zazikulu kwambiri. Magetsi a mavoti 11,000 kapena 88,000 saduka mwaulemu: zitsulo zikamalekana, pakati pake pamabuka lawi lotentha zedi, ndipo lawilo amalizimitsa ndi mafuta apadera, mpweya wa SF6, kapena politsekera m'chibotolo chopanda mpweya. Kudula kulikonse kumadya zitsulozo pang'ono. Zipangizozi adazikonza kuti zizigwira ntchito mwa apo ndi apo, pakagwa ngozi kapena pokonza mawaya. Kuthimitsa magetsi mosinthana, komwe kudayamba kumapeto kwa 2007 n'kufika poipa mu 2022 ndi 2023, kudachititsa kuti zizitsegulidwa ndi kutsekedwa kawiri kapena katatu pa tsiku, chonsecho zambiri mwa izo n'zakalekale.

Palinso vuto la nthawi yoyatsa. Magetsi akathima kwa maola anayi m'mwezi wa June, madzi m'magiza onse a m'dera amazizira, mafiriji amafunda, ndipo anthu amasiya mahita ndi masitovu ali oyatsa. Magetsi akabwera, zonsezi zimakoka mphamvu nthawi imodzi, kuposa momwe zimachitira tsiku wamba. Buleka ya pa siteshoni imagwa pofuna kuteteza thiransifoma, ndipo pena amisiri amayenera kupita komweko kukayatsa dera pang'onopang'ono. N'chifukwa chake City Power inkapempha anthu kuti azithimitsa zipangizo zikuluzikulu magetsi asanabwere. Mdima udapatsanso mpata akuba mawaya a kopa, popeza waya wopanda magetsi saopsa.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amene amachita lendi tizipinda takuseri kwa nyumba. Nyumba wamba imakhala ndi buleka yaikulu ya ma ampu 60, yomwe pa mavoti 230 imalola mawati pafupifupi 13,800. Giza imodzi imadya mawati 3,000, ketulo pafupifupi 2,000, hita chimodzimodzi. Pabwalo pakakhala mabanja asanu ndi limodzi, onse n'kuphika madzulo, muyesowo sukwana. Eni nyumba ena akatopa ndi buleka yogwaigwa amaichotsa n'kuika yaikulu, kapena kuilambalala ndi waya. Buleka imaleka kugwa, koma waya wa m'khoma ndi yemwe uja, ndipo tsopano amatentha popanda chomuletsa mpaka pulasitiki yake kusungunuka. Moto wa usiku m'malo othithikana umayamba motero kawirikawiri.

Chipangizo china m'bokosi lomwelo, cha earth leakage, chimateteza munthu osati waya. Chimayerekeza magetsi olowa ndi otuluka, ndipo akasiyana ndi ma miliampu 30 okha, kusonyeza kuti ena akudutsa njira yolakwika, mwina m'thupi la munthu, chimadula pasanathe sekondi. Buleka ya ma ampu 20 singaone n'komwe magetsi ochepa chotere, koma ndi okwanira kusokoneza mtima.

Chodabwitsa n'chakuti luso limeneli lidakulira pafupi ndi Johannesburg pomwepa. Mu 1955 injiniya Henri Rubin, wa kampani ya C.J. Fuchs ku Alberton, adapanga chipangizo chozindikira msanga magetsi othawa pofuna kuteteza ogwira ntchito m'migodi ya golide, ndipo patapita zaka zochepa zipangizo zotere zidaikidwa m'nyumba za ku mgodi wa Stilfontein. Lero malamulo a mawaya a m'nyumba a SANS 10142-1 amafuna kuti masoketi akhale ndi chitetezo chimenechi. Pa chipangizocho pali kabatani koyesera: munthu akakadina magetsi ayenera kuthima pompo, ndipo akapanda kuthima ndiye kuti chafa kapena wina adachilambalala, zomwe wochita lendi angathe kudzionera yekha asanapereke ndalama ya mwezi woyamba.