Cilonda ca opareshoni yokonza thupi cimapolera ku komboni

Opareshoni yocotsa mafuta m'mimba, yodula khungu lolendewera pambuyo pobereka, kapena yokuza matako siilinso nkhani ya anthu a ku Kabulonga okha. Azimai ena a ku Matero, Chawama ndi Mtendere amasunga ndalama za cilimba mpaka kukwera ndeke ya ku Johannesburg kapena ku Turkey. Dokotala amatsala komweko. Cilonda cimabwera kunyumba, ndipo kupola kwake kumatenga milungu 6 kapena kupitirira.

Vuto loyamba ndi cigubu. Ca malita 20 cimalemera makilo 20, pamene munthu wosokedwa pamimba saloledwa kunyamula ngakhale mwana wa zaka ziwiri. Mai amene akubisa opareshoni yake kwa apongozi amadzuka m'mawa, kukatunga madzi, kuweramira pa mbaula, kucapa zobvala za banja lonse, kuopa kuti angamuyese waulesi. Ulusi wa mkati umatha kuduka, kapena madzi kudzazana pansi pa khungu. Iye wokuzidwa matako amaletsedwa kukhalira pamalopo kwa milungu iwiri kapena itatu, ndipo aliyense wodziwa mipando ya minibasi ndi maenje a mseu wa ku Kanyama angaone yekha kubvuta kwa lamulo limeneli.

Madzi naonso ndi nkhani. Makomboni amene anabvutika ndi kolera mu 2017 ndi 2018, ndiponso mu 2023 ndi 2024, ndi omwewo amene zitsime zake zosazama zili pafupi ndi zimbudzi. Madzi otere asakhudze cilonda pokhapokha atawiritsidwa ndi kuzizira. Wosintha bandeji asambe m'manja ndi sopo. Cobvala cothina cimene dokotala amapereka cimafuna kucapidwa ndi kuuma bwino padzuwa. Ndi bwino kukhala nazo ziwiri. Mankhwala a zitsamba, phulusa ndi makapisozi ogula pa kantemba alibe malo apa. Odwala shuga kapena akumwa ma ARV asaleke mankhwala ao, ndipo fodya amacedwetsa kupola.

Cimene cimapha msanga ndi magazi oundana m'mitsempha ya mwendo, makamaka munthu akakhala maola ambiri m'ndeke atangocitidwa opareshoni. Mwendo umodzi ukatupa ndi kuwawa, kapena mai akayamba kupuma mobanika ndi kumva kupweteka m'cifuwa, si nthawi yodikira kuti kuce. Cimodzimodzi thupi likatentha, cilonda cikafiira, kutuluka mafinya kapena kununkha. Zipatala za Kanyama, Matero ndi Chawama zimalandira odwala usiku womwe, ndipo zimatumiza ku UTH zinthu zikakula. Kuyenda pang'onopang'ono m'nyumba tsiku lililonse kumathandiza magazi kuyenda. Kugona tsiku lonse nakonso n'koopsa.

Opareshoni ya matako, yochedwa BBL, ndiyo yoopsa kwambiri cifukwa mafuta angalowe mu mtsempha ndi kukatseka m'mapapo. Mu 2018 bungwe la madokotala a nchitoyi ku Britain linauza mamembala ake kuti ayambe aileka, ndipo linaibwezera mu 2022 ndi malamulo okhwima. Ngati kuli conco m'zipatala zazikulu, nanga jekeseni ya kuseri kwa saluni? Dokotala aliyense wogwira nchito mu Zambia ayenera kukhala wolembedwa ku Health Professions Council of Zambia, ndipo wodwala ali ndi ufulu wofunsa kuona pepala lake.

Manyazi ndiwo amacedwetsa ambiri. Namwino sangathandize bwino munthu amene akunena kuti anagwa pa njinga. Wocokera kunja abwere ndi kalata yofotokoza cimene cinadulidwa, mankhwala amene anapatsidwa ndi tsiku locotsa ulusi, ndipo m'nyumba mukhale munthu mmodzi, mlongo kapena mwamuna wake, wodziwa zoona ndi kumene kalatayo yaikidwa.