Mawu obwereka asamangokometsa pakamwa

Mwezi watha ndinali pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Nsipe ku Ntcheu, komwe makolo anasonkhana kuti akambirane zoumba njerwa za chipinda chophunziriramo. Mlendo wolemekezeka anayamba ndi mawu a Nelson Mandela, kenako a Martin Luther King, onse m'Chingerezi. Amayi ena anangoti zyoli, ena n'kumatonthoza ana kumbuyo. Palibe anaomba m'manja.

Ataimirira anyakwawa, anangoti: "Makolo anzanga, mutu umodzi susenza denga." Basi. Kenako anafunsa kuti ndi mudzi uti uyambe kuponda dothi Lolemba. Manja anakwera m'mwamba.

Onsewa anabwereka mawu a ena, koma mmodzi yekha ndiye anapeza njerwa. Chinsinsi chake n'chakuti anyakwawa anasankha mawu omwe anthu amawadziwa kale, anatchula mwambi umodzi wokha, ndipo pompopompo anaulumikiza ndi ntchito ya Lolemba.

Ku Nsipe komweko ndi kumene kunaikidwa malemu Saulos Chilima pa 17 June 2024. Chikhazikitsireni UTM pabwalo la Masintha ku Lilongwe mu July 2018, iwo anatchuka ndi miyambi pamisonkhano. Mwambi unkagwira mtima chifukwa unkaloza nkhani yomwe omvera ankaidziwa, ndipo anthu ankapita kwawo akukambirana tanthauzo lake.

Lero ambiri akufuna kutengera luso limeneli, koma pali vuto. Kangapo konse ndamvapo olankhula pamaliro ndi paukwati akunena kuti "anatero a Chilima". Tsiku lina ndinafunsa mmodzi kuti anawamvera kuti mawuwo. Anandiyankha mosachita manyazi: "Aise, ndinaona pa WhatsApp." Kuika mawu m'kamwa mwa munthu yemwe sangathenso kudziyankhira n'kumulakwira, komanso n'kunamiza anthu omwe akukukhulupirira.

Inu amene mwapatsidwa mwayi wolankhula pagulu, musanatchule mawu a munthu wina tsimikizani kuti anawanenadi, liti komanso kuti. Ngati simukutsimikiza, anenereni ngati maganizo anu. Ngati ali m'Chingerezi, amasulireni kuti agogo okhala pamphasa amve nawo. Ndipo musaunjike: mawu obwereka ali ngati mchere m'ndiwo, ukachuluka anthu amakankha mbale.

Pobwerera ndinafunsa anyakwawa aja chifukwa chomwe analankhulira mwachidule chotere. Anaseka nati: "Mwana wanga, anthu anabwerera njerwa."