Sekonda yolembedwa USSR: wotchi yoyenera kuiima

Makolo, mukamazungulira m'mashopu a zachifundo ku Leeds, Bradford kapena Sheffield, kapena pa car boot sale Lamlungu m'mawa, muziyang'anitsitsa mawotchi akale a Sekonda. Ngati m'munsi mwa nambala 6 mwalembedwa USSR, dziwani kuti wotchiyo inapangidwa ku Soviet Union.

Sekonda ndi dzina la kuno ku Britain lomwe linayamba mu 1966. Kufikira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kampaniyi inkagula mawotchi kumafakitale monga Poljot ya ku Moscow ndi Raketa ya ku Petrodvorets, n'kulembapo dzina lake. Fakitale ya Poljot ndiyo inapanganso Sturmanskie, wotchi yomwe Yuri Gagarin anavala popita mumlengalenga pa 12 April 1961. Patangopita miyezi itatu, Gagarin anadzacheza ku Manchester atayitanidwa ndi bungwe la ogwira ntchito yosungunula zitsulo.

Ambiri mwa mawotchiwa safuna batire. Mukapukusa kachitsulo ka m'mbali, sipuling'i ya m'kati imakungika, ndipo ikamamasuka pang'onopang'ono imayendetsa timagiya. Mawu akuti "17 jewels" akunena timiyala tolimba tomwe timateteza tizitsulo kuti tisaperepeseke msanga.

Osonkhanitsa mawotchi amawakonda chifukwa ndi olimba, osavuta kukonza komanso otsika mtengo poyerekeza ndi a ku Switzerland. Amasiliranso nzeru za amisiri ake. Vostok Amphibia ya 1967, yopangidwa ku Chistopol, imapirira madzi akuya mamita 200 chifukwa madzi akamaipanikiza, galasi ndi chivundikiro chakumbuyo zimatsekeka zolimba.

Koma fulumirani adadya gaga. Musanapereke ndalama, ipukuseni, muiike pakhutu, muone ngati muvi wa masekondi ukuyenda osaimaima. Wotchi yoima ikhoza kukudyerani ndalama zambiri kwa wokonza kuposa mtengo wake. Pa intaneti chenjerani ndi ogulitsa omwe amaphatikiza zidutswa za mawotchi osiyanasiyana. Pemphani chithunzi cha m'kati. Musasambe nayo wotchi yakale, ngakhale italembedwa kuti silowa madzi, chifukwa mphira wake umakhala utauma.

Ana inu, nayi ntchito: fanizani wotchiyo ndi foni m'mawa uliwonse kwa sabata imodzi, ndipo muzilemba masekondi omwe yatsogola kapena kutsalira. Mukatero muwawerengere amayi ndi abambo mphindi zomwe ingasokoneze pa mwezi wathunthu.