Ndalama za Mliri: Kodi Ziyambire kwa Yani?

Mu sewero lathu la pa wailesi munamva mkangano umene unabuka pa bwalo la a mfumu. Khonsolo inalandira ndalama zothandizira anthu mliri utatha. Bambo wina anati, "Zigawidwe mofanana, mudzi uliwonse ulandire chimodzimodzi." Mayi wina wamasiye anakana. Iye anati kwawo kutsidya la mtsinje mjigo unafa, sikelo inaima, ndipo atsikana ambiri anasiya sukulu, pamene midzi ya kufupi ndi msewu sinavutike chotero. Omvera ambiri anafunsa kuti wolondola ndani. Tiyeni tikambirane.

Kufanana ndi chilungamo n'zosiyana

Taganizani za namwino amene ali ndi odwala anayi m'chipinda. Wina ali ndi chimfine, wina wathyoka mwendo, wina akubanika, wina wachira ndipo akudikira kutuluka. Kodi namwinoyo angatenge mankhwala onse n'kuwagawa panayi mofanana? Iyayi. Amayambira kwa amene akubanika, chifukwa akachedwa munthuyo amwalira. Palibe amene anganene kuti namwinoyo wakondera.

Ndalama zokonzera zimene mliri unawononga n'chimodzimodzi. Kugawa mofanana n'kupatsa aliyense muyeso umodzi. Kugawa mwachilungamo n'kuyambira kumene bala lakula, kwa anthu amene sangathe kudzuka paokha. Choncho mayi wamasiye uja ananena zoona.

Kodi mliri unapweteka yani kwambiri?

Odwala oyamba a Covid-19 m'Malawi muno analengezedwa pa 2 Epulo 2020. Matendawa sankasankha. Mu Januwale 2021 nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Koma mavuto amene anabwera ndi mliriwu anagwa kwambiri pa osauka.

Mu Epulo 2020 boma linalamula kuti anthu akhale m'nyumba masiku 21. Mavenda ndi anthu a ganyu anadandaula kuti adya chiyani, ndipo Khoti Lalikulu linaimitsa lamulolo. Munthu wolandira malipiro a pamwezi akhoza kukhala pakhomo. Wogulitsa mandasi akapanda kupita ku msika, ana ake agona ndi njala tsiku lomwelo.

Sukulu zinatsekedwa mu Malichi 2020 ndipo zinayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu Seputembala. Kafukufuku wa boma anapeza kuti m'chaka chimenecho atsikana oposa 40,000 anatenga mimba, ndipo maukwati a ana anali pafupifupi 13,000. Mtsikana wotenga mimba thupi lake lisanakhwime amavutika pochira, ndipo kawirikawiri mwana wake amabadwa wosakwana sikelo. Bala lotere silipola tsiku limene mliri watha.

Zimene zinachitika ndi ndalama

Mu 2020 boma linatulutsa K6.2 biliyoni yolimbanirana ndi mliriwu. Ndalamazi zinagawidwa ku maunduna, nthambi za boma ndi makhonsolo. Kumapeto kwa chaka chimenecho ofesi ya Ombudsman, imene imamva madandaulo a anthu, inafufuza gawo lina la ndalama za mliri, limene linali lolongosolera ntchitoyi. Inapeza kuti pa K100 iliyonse, pafupifupi K80 inapita ku maalawansi ndi zolowa za ogwira ntchito.

Mu Epulo 2021 ofesi yolondoloza ndalama za boma inatulutsa lipoti lake pa K6.2 biliyoni ija. Ndalama zoposa K700 miliyoni zinapezeka kuti sizinayende bwino. Katundu wina anagulidwa mosatsata malamulo, maalawansi ena analipiridwa mosayenera, ndipo ndalama zina zinalibe mapepala osonyeza kumene zinapita. Pulezidenti wa nthawi imeneyo, a Lazarus Chakwera, anachotsa nduna imodzi pa udindo, ndipo ogwira ntchito m'boma angapo anamangidwa.

Panalinso thandizo limene linafikadi kwa anthu. Mu 2021 mabanja osauka a m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba analandira K35,000 pa mwezi kwa miyezi itatu, kudzera pa foni. Linali ganizo labwino, chifukwa linayang'ana anthu amene malonda ao anagwa. Komabe funsani: nanga gogo wopanda foni? Nanga wosaona amene sanamve za tsiku la kalembera?

N'chifukwa chiyani akutali amatsalira?

Si nthawi zonse pamene wina waba. Nthawi zina ndalama zimalowera mbali imodzi popanda wozikankha, ngati madzi otsata chigwa. Zifukwa zake ndi izi:

1. Misonkhano yogawa ndalama imachitikira pa boma. Wokhala kufupi amafika wapansi. Wakutali afunika ya thiransipoti.

2. Msonkhano ndi wosavuta kuchititsa kusiyana ndi kukonza mjigo. Tsiku limodzi ndalama yatha, mapepala asainidwa, koma mudzi sunasinthe.

3. Galimoto imapita kumene kuli msewu. M'nyengo ya dzinja madera ena amadukiratu, ndipo olemba mayina safikako.

4. Amene avutika kwambiri ndiwo salankhula pa gulu: amasiye, olumala, okalamba, ndi atsikana amene ali ndi manyazi ndi mimba zao.

Kodi zimenezi zikukhudza bwanji umoyo wanu?

Ife a zachipatala timaona mapeto ake. Alangizi a zaumoyo akasowa njinga, sikelo ya kumudzi siichitika, ndipo ana saalandira katemera wa chikuku. Ambulansi ikasowa mafuta, mayi wapakati amachirira panjira. Mjigo ukafa, anthu amabwerera ku madzi a mumtsinje. Musaiwale kuti mu 2022, Covid-19 isanatheretu, kunabuka kolera amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kolera amakonda malo opanda madzi abwino ndi zimbudzi. Mudzi umene unaiwalidwa pa mliri woyamba ndiwo umayamba kulira pa wachiwiri. Ndipo matenda sadziwa malire a mfumu. Akayamba kutsidya, mawa afika kwanu.

Kodi inu mungachitepo chiyani?

Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linakonzedwa kuti anthu eni ake azitenga mbali pa chitukuko. Njira yake ilipo kale. Maganizo a mudzi amapita ku komiti ya VDC, ya gulupu wanu. Kuchoka apo amapita ku komiti ya ADC, ya dera la mfumu yaikulu, kenaka ku khonsolo, kumene kuli khansala amene munamuvotera. Pa chipatala chaching'ono pamakhalanso komiti ya anthu a m'midzi yoona za kayendetsedwe ka chipatalacho.

Palinso lamulo lopatsa anthu ufulu wodziwa zimene maofesi a boma akuchita, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Kufunsa za ndalama za boma si mwano. Ndi ufulu wanu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Mukamva kuti kwabwera ndalama za thandizo, kaya za mliri, za njala kapena za madzi osefukira, funsani mwaulemu mafunso awa:

1. Zabwera zingati, ndipo zachokera kuti?

2. Zingati zipita ku zinthu zooneka ndi maso, monga mijigo, mankhwala ndi mafuta a ambulansi, ndipo zingati ku misonkhano?

3. Olandira asankhidwa bwanji, ndipo wawasankha ndani?

4. Kodi mayina awerengedwa poyera pa bwalo?

5. Munthu amene wasiyidwa akadandaule kuti?

Musapite nokha. Pitani ngati gulu, ndipo mmodzi alembe mayankho m'kope pamodzi ndi tsiku lake. Pakapita miyezi itatu, bwererani ndi kope lomwelo. Ngati simukuthandizidwa, ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo popanda kulipiritsa. Mukaona zachinyengo, kanenani ku bungwe lothana ndi katangale la ACB.

Chilungamo chiyambire kwanu

Pali chinthu chimodzi chovuta. Tsiku lina kalembera adzafika m'mudzi mwanu, ndipo inu mudzakhala m'komiti. Mlamu wanu ali ndi golosale, koma akufuna dzina lake lilembedwe. Kuseri kwa dambo kuli gogo amene akulera adzukulu anayi. Malo atsala amodzi. Zimene tikufuna kwa a khonsolo tiyambe kuzichita ife eni.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza mu Meyi 2023 kuti Covid-19 yasiya kukhala ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Koma miliri ina idzabwera, ndipo ndalama zina zidzabweranso. Konzekani tsopano.

Mafunso okambirana pa gulu

1. M'dera lanu, ndani anavutika kwambiri mu 2020 ndi 2021? Kodi analandira thandizo?

2. Kodi mamembala a VDC yanu mukuwadziwa? Muli amayi angati? Muli wolumala?

3. Mukanakhala a mfumu a m'sewero lija, mukanaweruza bwanji?