Mawanga okongola, njoka yosakhalitsa

Ku America ndi ku Ulaya anthu amaweta njoka za boa, zofanana ndi nsato, ndipo mtengo wake umatengera mawanga. Mtundu wina umatchedwa motley. Mukakweretsa motley ziwiri, pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi amabadwa super motley: wakuda, wokongola ndithu, koma kawirikawiri amafa asanakule.

Vuto nlakuti motley ikasakanizidwa ndi mtundu wina wa mawanga, monga jungle, maso okha amanama. Wogula amakweretsa osadziwa, ana nkumafa.

Ine ndikuti, abale anga amalonda, wogulitsa aziulula makolo a njoka iliyonse. Kubisa mbiri ya katundu nkuba basi, ndipo pano wolipira ndi nyama yosalankhula.